Mita yomwe idatithamangitsira mnzathu

Tidalipo anayi. Loweruka lililonse tikatseka Sabata, tinkasonkhana m'chipinda chimodzi ku hositelo, aliyense ndi laputopu yake, titasonkherana ya bandulo ya usiku. Gemu yathu inali Final Fantasy XIV, ya kampani ya ku Japan yotchedwa Square Enix, momwe anthu a m'mayiko osiyanasiyana amakumana pa intaneti n'kumalimbana ndi zilombo. Nkhondo zikuluzikulu zimafuna anthu asanu ndi atatu: awiri amaima kutsogolo kuti chilombo chizimenya iwo, awiri amachiritsa ovulala, anayi otsalawo ntchito yawo ndi kuchivulaza. Malo anayi osowawo ankadzaza ndi alendo osawadziwa.

Padali chilombo china chomwe chidatikanika masabata atatu. Zilombo zotere zikapanda kufa pa nthawi yake zimalusa n'kupha gulu lonse kamodzi. Titatopa, mmodzi wa ife adaika pulogalamu yotchedwa Advanced Combat Tracker. Imagwira ntchito ngati mita ya magetsi: imawerenga kuti aliyense akuvulaza chilombo mochuluka bwanji pa sekondi, nambala yomwe osewera amaitcha DPS, kenako imandandalika mayina kuyambira wapamwamba. Tinkadziwa kuti malamulo a gemuyi salola mapulogalamu obwera padera, koma tidati palibe adzationa.

Mndandanda utatuluka, pa anayi ovulaza aja wotsiriza adali mnzathu yemwe ankasewera ngati Bard, woponya mivi amenenso amaimba nyimbo pankhondo. "Amwene, mivi yanuyo ndi ya mapesi?" adafunsa wina, tonse n'kufa nacho chikhakhali. Iyenso adaseka. Sabata yotsatira tidabwereza nthabwala yomweyo. Yachitatu adati ali ndi asayimenti. Kenako tidazindikira kuti ngakhale ku kafeteriya wayamba kukhala tebulo lina.

Atatu otsalafe tidakangana. Wina ankati mita ilibe mlandu chifukwa siinama. Munthu angawongole bwanji zomwe sakuziona? Ndipo mmodzi akamalephera, nthawi ndi bandulo ya anthu asanu ndi awiri zimapita pachabe. Adatikumbutsa kuti mu World of Warcraft, gemu yomwe idatuluka mu 2004, mamita monga Recount ndi Details! akhala ololedwa kwa zaka zambiri, mpaka mu 2025 eni ake a Blizzard adalengeza kuti aika mita yawoyawo m'gemumo. Wina ankatsamira kwa Naoki Yoshida, mkulu woyang'anira gemu yathuyi, yemwe wakhala akukana kuikamo mita poopa kuti anthu aziigwiritsa ntchito ponyoza ndi kusala anzawo. Onse awiri adali ndi mfundo, ndiye mkangano sudathe.

Chomwe chidatitsegula maso ndi mita yomweyo. Malo a mnzathu atatengedwa ndi mlendo wosewera mtundu wina, manambala athu tonse adatsika. Paja nyimbo za Bard zimawonjezera mphamvu ya gulu lonse, koma mita yathu inkalemba mphamvu yowonjezerayo pa dzina la amene wamenya, osati la woimba. Tinkadya thukuta lake n'kumamuseka kuti ndi waulesi. Vutoli n'lodziwika, moti tsamba la FFLogs, komwe osewera amasungako zotsatira zawo, lili ndi kawerengedwe kena kotchedwa rDPS kobwezera gawo limeneli kwa mwini wake. Mita sinkaonanso kuti laputopu ya mnzathuyo inali yakale kuposa zathu, ndipo inkachita chibwibwi pamene nkhondo yafika povuta.

Tidazindikiranso kuti mita idatisintha ifeyo. Mmodzi wa ife adayamba kuima pamoto osathawa, kuti nambala yake isatsike, wochiritsa wathu n'kumavutika kumupulumutsa. Nambala yake inkakwera ndithu, koma gulu linkafa msanga kuposa kale. Tidaiwala kuti tidabwerera kudzagonjetsa chilombo, tidayamba kugonjetsana tokhatokha.

Chomwe chikutichititsa manyazi n'chakuti atatu tonsefe tikuphunzira zauphunzitsi. Tidakulira m'sukulu momwe tsiku lotsekera teremu mayina ankaitanidwa kuyambira nambala wani mpaka womaliza, makolo ali pomwepo. Timakumbukira mmene wotsirizayo ankayendera pobwerera kwawo. Ena a ife tidadutsa ku sekondale za mpingo komwe tinkauzidwa kuti maphunziro ndi a mutu, mtima ndi manja, koma pokumana ndi anzathu akale funso loyamba likadali lakuti, "Unakhoza ndi mapointi angati pa MSCE?" M'kalasi muno taphunzira kusiyana kwa mayeso othandiza wophunzira kudziwa pomwe akulakwitsa ndi mayeso ongomuika pa mzere. Pa pepala tidayankha bwino funso limenelo. Usiku wa Loweruka tidachita zosiyana ndi yankho lathu.

Sitikunena kuti kuyeza n'koipa. Mphunzitsi wosachonga ntchito ya ana akuwanamiza, ndipo wosewera yemwe akufuna kukula ayenera kudziwa pomwe ali. Gemu yathuyi ilinso ndi njira yake, yotchedwa Stone, Sky, Sea: umapita wekha, n'kumenya chidole chomwe mphamvu zake zalinganizidwa ndi chilombo chomwe ukufuna kukakumana nacho. Ukachigwetsa pasanathe mphindi zitatu, wadziwa kuti gawo lako ungalikwanitse. Palibe mndandanda, palibe womaliza. Nambala ikakhala m'manja mwa mwini wake ndi galasi. Ife tidaitenga n'kuisandutsa chikwapu.

Tidachotsa pulogalamu ija, yomwe sitinayenera kuika n'komwe, ndipo tidapita kuchipinda kwa mnzathu kukapepesa. Adatimvetsera mpaka tidamaliza. Kenako adati nambalayo siidamupweteke, pakuti naye ankaiona. Chidamupweteka n'chakuti masabata onse aja palibe adamufunsa kuti chikuvuta n'chiyani, kapena kukhala naye pansi kuti ayesere limodzi. Tidasowa chonena.

Ku kafeteriya wabwerera patebulo lathu. Ku gemu sadabwererebe, ndipo sitikumukakamiza. Chilombo chija chikadalipo, sitidachigonjetse.

Posachedwa tipita m'masukulu kukaphunzitsa moyeserera, ndipo adzatipatsa kaundula wa malikisi. M'kalasi iliyonse mudzakhala mwana yemwe dzina lake lili pansi penipeni. Mwina ndi amene amafotokozera anzake masamu pa buleki, mwina amafika atayenda mtunda wautali osadya. Kaundula sadzatiuza zimenezo. Tagwirizana atatufe kuti tisanawerenge nambala yake pagulu, tidzayamba tamuitanira pambali n'kumufunsa funso lomwe tidalephera kufunsa mnzathu.