Njerwa Zanga Zili ku Lilongwe

Chaka chimene mapaundi ndi mashereni anachoka n'kubwera kwacha ndi tambala ndicho chaka chimene ndinachoka kuno kwa Khombedza. Munali mu 1971. Thonje tinali titagulitsa kale pamene amalume anatulukira kuchokera ku Lilongwe kudzaona mbumba yawo. Madzulo ake anandiitanira pansi pa mtengo wa bwemba n'kundiuza kuti, "Mphwanga, Kamuzu akumanga likulu, ndipo kukufunika manja. Mawa tilawirira." Amayi sanatsutse, poti mawu a mwini mbumba anali atatuluka kale. Anangondimangira usipa wouma ndi chinangwa chophika m'kansalu.

Basi tinakakwerera ku Salima. Inakwera mapiri a ku Mvera ikulira ngati ng'ombe yolemedwa ndi goli, n'kudutsa pa Chezi, ndipo pamene timafika kumtunda mphepo inali itandilowa m'mafupa. Mwana wa kunyanja, wozolowera kugona pabwalo chifukwa cha kutentha, ndinali ndisanadziwe kuti m'dziko lomweli muli malo amene munthu amaothera moto m'mawa wa mwezi wa Julayi. Malipiro anga oyamba ndinagulira bulangete.

Ana a masiku ano savomera ndikamawauza kuti Lilongwe anali kaboma kakang'ono. Pa kalembera wa 1966 anthu ake sanakwane ndi 20,000 omwe. Kunali msika, masitolo a amwenye, mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe, chipatala, ndi maofesi a boma tsidya linalo. Kumene kuli Capital Hill ndi City Centre lero kunali tchire, minda ya chimanga ndi midzi. Eni midziyo anasamutsidwa. Ndimakumbukira gogo wina amene ankabwera pafupi ndi pamene tinkagwira ntchito, n'kuima poteropo akuyang'ana kamsitu ka manda a makolo ake. Ankati akaimaima, n'kubwerera osalankhula ndi munthu. Ife anyamata tinkangoti ndi ukalamba. Ndinadzamumvetsa nditakula.

Maganizo osamutsa likulu kuchoka ku Zomba anali a Kamuzu mwini, amene ankati chitukuko chaunjikana kummwera ndipo chiyenera kufika pakati ndi kumpoto. Angerezi anakana kupereka ndalama za ntchitoyo, ndiye ngongole inachokera ku South Africa, ndipo mu 1968 kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, limene tonse tinkangolitchula kuti CCDC. N'chifukwa chake azungu ambiri oyang'anira ntchito anali a ku Joni, ndipo amene anagwirako m'migodi ndiwo ankamvana nawo msanga, ena mpaka kusanduka akapitawo.

Ine ndinayamba ngati dakaboyi, wokandira matope ndi kukankha wilibala. Mmisiri amene ndinkamutumikira anali bambo wa ku Dedza, wosalankhulalankhula. Tsiku lina, dzuwa litapendeka, anandipatsa mpeni wake womangira n'kunena kuti, "Taika imodzi ndione." Ndinapaka matope, n'kukhazika njerwa. Iye anayang'ana chingwe, n'kuyang'ana njerwayo, kenaka anaigogoda kawiri ndi chigwiriro cha mpeni, go go, mpaka inagona ndendende ndi inzake. "Njerwa isakhudze chingwe, komanso isachithawe," anatero. Kuyambira tsikulo ankandisiyira mzere umodzi madzulo aliwonse, ndipo ukakhota ankaugumula yekha mosakalipa, ine n'kuyambiranso. Patatha zaka ziwiri ndinali ndi mpeni wanga ndi levulo yanga. Mpeniwo ndikadali nawo. Unadyeka mbali imodzi ngati khasu la nkhalamba.

Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi. Kamuzu analetsa zolemba anthu opita ku Joni, ndipo amuna ambiri amene anabwerako anatsikira ku Lilongwe kudzafuna ntchito. Pa malo amodzi a ntchito pankapezeka Atumbuka, Alomwe, Ayao, Asena ndi ife Achewa, tonse kudya nsima ya mgaiwa m'mbale imodzi masana. Zinenero zonsezi ndinazitola pamenepo.

Mu Januwale 1975 Lilongwe anakhala likulu. Tinkaona malole ochokera ku Zomba atasenza makabati, matebulo ndi mitolo ya mafayilo, makalaliki ndi mabanja awo akutsatira m'mbuyo kukalowa m'nyumba zatsopano za ku Area 18. Chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chinatsegulidwa mu 1977. Njanji, imene kuyambira kale inkathera kwathu ku Salima, inafika ku Kanengo mu 1979, ndipo tsiku limene ndinamva sitima ikulira kumeneko ndinamva ngati kwathu kwanditsatira.

Ife omanga tinapatsidwa mapuloti ku Area 25. Munthu unkalembetsa, n'kukuonetsa zikhomo zinayi za malire, msewu wadothi utalambulidwa kale kutsogolo, nyumba n'kumanga wekha monga mwa mphamvu zako. Ine ndi mayi a kunyumba, amene ndinadzawatenga konkuno kwa Khombedza, tinaumba njerwa ndi chikombole chobwereka, iwo akuponda dothi mwana ali kumsana. Kunali kutali ndi tauni, ndipo ambiri tinkayenda wapansi mtunda wautali kupita kuntchito pamene a ku Area 10 ndi Area 43 ankangotsetsereka pagalimoto. Izo zinkatiwawa. Koma amene anajambula mzindawo anakumbukira kuti wosauka nayenso afuna pogona, ndipo anamuikira malo ake pa mapu. Chimenechi ndimachiyamikira mpaka lero.

Ndale za nthawi imeneyo zinalibe kampeni monga tikuidziwira lero. Chipani chinali chimodzi, ndipo khadi yake inkafunika polowa mumsika ndi pokwera basi. Sindinganame kuti kunalibe mantha. Munthu unkayamba wayang'ana uku ndi uku usanatchule dzina la mtsogoleri. Chitukuko chinkatsika kuchokera kumwamba ngati mvula. Chikagwa pakhomo pako unkathokoza, chikakudumpha unkangokhala chete, poti panalibe khomo loti ukagogode.

Kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi mu Malichi 1992, pakamwa pa anthu panatseguka. Pa 14 Juni 1993 tinakaponya voti ya riferendamu, tambala wakuda kuimira chipani chimodzi, nyali kuimira zipani zambiri. Ine, monga anthu ambiri a chigawo chapakati, ndinasankha tambala, chifukwa ndinali nditaona ndi maso anga tchire likusanduka mzinda. Usiku zotsatira zitamveka pa wailesi kuti nyali yapambana, mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo, ine ndinaponyera nyali." Tinakhala chete kanthawi, kenaka anandiikira madzi osamba monga mwa masiku onse. Tinakhala limodzi zaka zina 26, aliyense ndi chipani chake, ndipo sitinakanganepo za voti.

Kuchokera pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 kampeni inasanduka chikondwerero. Malole odzaza anyamata, zimkuzamawu, nsalu zachikasu, zabuluu, za tambala, amayi akuvina fumbi kobo. Ndinkapita ku misonkhano ya zipani zonse, chifukwa kumva munthu akudzudzula boma masanasana, apolisi ali chiimire pomwepo, chinali chinthu chokoma kwa ife amene tinakulira m'kunong'ona. Koma malonjezo a pansanja anali akuluakulu, a dziko lonse, pamene ife vuto lathu linali ngalande.

Kumunsi kwa dera lathu kunali ngalande imene madzi a mvula anaikumba mpaka kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Dzinja likafika ana a tsidya lina ankajomba kusukulu, ndipo maliro ankazungulira mtunda wautali kuti apeze powolokera. Mu 2000 kunamveka kuti kukhala chisankho cha makhansala, choyamba chiyambire ndale za zipani zambiri. Amene anaimira kwathu anali kalipentala wa pamsika, munthu amene theka la dera lonse linkagonera mabedi ake ndi kukhalira mipando yake. Analibe lole kapena chimkuzamawu. Anali ndi njinga yakapalasa ndi kope la mwana wasukulu.

Kampeni yake inali ya khomo ndi khomo. Ankafika madzulo, n'kuodira, n'kukhala pa mpando umene wapatsidwa, ngakhale pa njerwa. Kwathu anafika tikudya, ndipo anasamba m'manja n'kudya nafe nsima ya bonongwe. Atatha anatsegula kope lija n'kufunsa kuti, "Achimwene, inu ndinu mmisiri. Kalavati ya pa ngalande ija ingadye matumba angati a simenti?" Tinawerengera limodzi pa kuwala kwa koloboyi: simenti, miyala, mchenga, zitsulo. Analemba zonse. Ponyamuka anati, "Sindikulonjezani zambiri. Mukandisankha, ine ndi inu timanga kalavati imeneyi." M'mawa ankapezeka pa mpopi pamene amayi afola ndi zidebe, kumva madandaulo awo. Pamaliro ankakhala kumanda ndi adzukulu, fosholo ili m'manja, ndipo kumeneko za voti sankazitchula n'komwe.

Tsiku loponya voti, mu Novembala chaka chomwecho, anthu anapita ochepa kwambiri m'dziko lonse, poti ambiri sankadziwa kuti khansala ntchito yake n'chiyani. Pamalo athu oponyera voti panalibe mzere wautali ngati wa 1994. Komabe amayi a pampopi aja anabwera, ena ndi zidebe zawo zomwe, ndipo kalipentala uja anapambana.

Makhansala sankalandira malipiro oti munthu n'kusiyira ntchito yake, choncho m'mawa ankapala matabwa, masana n'kupalasa njinga kupita ku misonkhano ya khonsolo, kumene makhansala amasankhanso mmodzi mwa iwo kukhala mfumu ya mzinda. Madera anali ambiri, ndalama zochepa, ndipo chaka choyamba chinatha popanda kanthu. Anthu anayamba kumunena. Iye ankangoyenda ndi kope lake lija, mpaka m'chilimwe cha 2002 lole inatsitsa simenti ndi zitsulo pafupi ndi ngalande. Mchenga ndi miyala tinatuta tokha. Amayi ankatunga madzi, anyamata akukanda konkire, ine ndi amisiri ena awiri tikumanga makoma a m'mbali. A khansala anakhoma okha matabwa othiramo konkire, malaya atavula. Tinatha masabata atatu. Konkire isanaume ndinatenga msomali n'kulemba chaka pakona ya kumvuma.

Ndamanga nawo nyumba zosanja za boma zimene nduna zimakhalamo, koma palibe ntchito imene inandikoma ngati imeneyo. Mvula yoyamba itagwa tinapita tonse kukaima pamwamba pake, madzi akudutsa pansi pa mapazi athu, ana akudumphadumpha.

Nthawi ya makhansala aja inatha mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka pa 20 Meyi 2014. Zaka zisanu ndi zinayi mizinda ndi maboma zinayenda popanda munthu wosankhidwa ndi anthu a m'dera. Kwa ine chimenechi chinali chilonda chachikulu pa demokalase yathu, ngakhale sichinkakambidwa kwambiri. Phungu amakhala kutali ndipo dera lake ndi lalikulu. Khansala ndi amene umakumana naye pa chigayo. Kwathu anthu sanasiye kumutchula kalipentala uja kuti a khansala. Mpopi ukauma, malire a puloti akavuta, ankagogodabe pakhomo pake, iye n'kusiya randa, kukwera njinga kukawalankhulira, wopanda udindo uliwonse. Anamwalira chisankho cha 2014 chisanafike. Ine ndinali nditabwerera kale kuno kumudzi, koma ndinakwera minibasi kukamuperekeza, ndipo bokosi lake linadutsa pa kalavati yomwe ija.

Chaka chatha mdzukulu wanga ananditenga kukaona mzinda. Anandionetsa Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, bwalo la masewero la Bingu, misewu yodutsana pamwamba ndi pansi pa Area 18, ndi msewu wotakata umene magalimoto amayenda atatu mbali imodzi. Ndinasangalala, poti mmisiri sangaone ntchito yaikulu osakondwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi miliyoni imodzi mumzindawo. Koma titadutsa ku Mtandire ndi ku Mgona ndinaona nyumba zothinana, zopanda zikhomo za malire ngati zimene ife tinapatsidwa, ndi amayi atafola pa mpopi monga ankachitira zaka 25 zapitazo. Madzi a mtsinje wa Lilongwe amathira mu Linthipe n'kutsikira m'nyanja kwathu kuno ku Salima, ndipo tsopano akuyala mapaipi oti akweze madzi a m'nyanja yomweyo kupita nawo kumzinda. Ndinamuuza mdzukuluyo kuti oyamba kumwa madziwo adzakhale amayi a pamzere aja.

Dzuwa litapendeka ndinamupempha kuti tipite ku Area 25. Nyumba yathu yakale eni ake atsopano anaimangira mpanda, ndipo sindinafune kuwavutitsa. Tinatsetserekera kumunsi. Kalavati ilipo. Pakona imodzi panabenthuka, koma njinga zamoto za kabaza zinkadutsapo motsatizana, ndi ana ovala yunifolomu akuchokera kusukulu. Ndinagwada pakona ya kumvuma n'kuyamba kupukuta dothi ndi chikhatho. Mayi wina amene ankaotcha chimanga pambali anandifunsa kuti, "Agogo, mwataya chiyani?" Ndinamuuza kuti abwere adzaone. Anawerama, n'kuwerenga manambala aja mokweza, kenaka anafunsa kuti analemba ndani. Nditamuuza, anasankha chimanga chachikulu pa mbaula, n'kuchikulunga m'khoko lake, n'kundipatsa ndi manja awiri.