Hybrid, Chisanu ndi Thermostat Yotayidwa

Galimoto ya hybrid imapulumutsa mafuta chifukwa injini yake ya petulo imazima pafupipafupi, mota yamagetsi n'kumakoka yokha. Koma kompyuta ya galimotoyo silola kuti injini izizimazima isanatenthe. N'chifukwa chake m'mawa wa Juni kapena Julayi, ku Dedza, ku Mzuzu, kapena ku Thyolo chiperoni chikagwira, injini imalira nthawi yaitali, ndipo galimoto yodziwika ndi kunyambita mafuta imayamba kuwamwa. Dipatimenti yoona za mphamvu ya boma la America imanena kuti kukazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro, mtunda umene hybrid imayenda pa lita m'tauni umatsika ndi 30 mpaka 34 peresenti poyerekeza ndi pa madigiri 25, pomwe galimoto wamba imataya pafupifupi 15. Kuzizira kwa kuno sikufika pamenepo, komabe mwini galimoto amakumva m'thumba.

Zambiri mwa hybrid zimene zadzaza misewu ya Lilongwe ndi Blantyre ndi zakale zochokera ku Japan, zolowera pa doko la Dar es Salaam n'kudutsa pa Songwe: Toyota Prius, imene inayamba kugulitsidwa mu 1997, Toyota Aqua ya mu 2011, ndi Honda Fit. Zopopa matayala, kusintha fyuluta ya mpweya ndi kutsitsa katundu wosafunika m'buti si zotayira nthawi pano. Chokumbutsa n'chakuti mpweya wa m'tayala umatsika ndi pafupifupi 1 psi kukazizira ndi madigiri 5 kapena 6, ndiye uyezedwe m'mawa galimoto isanayende.

Choyamba chimene chimadya mafuta ndi hita. Kutentha kwa m'galimoto kumachokera m'madzi a injini, ndipo dalaivala akatsegula hita atangonyamuka, kompyuta imaliza injini kuti iwiritse madziwo, ngakhale batire itadzaza. Woyenda ulendo wa makilomita atatu kuchokera kunyumba kupita kuntchito amafika injini isanazime n'kamodzi komwe. Jekete ndi batani la ECO, limene limachepetsa mphamvu ya hita, zimathandiza kwambiri. Kuliza galimoto pabwalo mphindi khumi kuti itenthe n'kuwotcha ndalama chabe. Injini imatentha msanga ikamayenda pang'onopang'ono.

Vuto lalikulu lili pa kachipangizo kokwana m'dzanja kotchedwa thermostat. Kamakhala panjira ya madzi pakati pa injini ndi rediyeta, ndipo mkati mwake muli phula limene limafufuma likatenthedwa n'kukankha valavu. Injini ikakhala yozizira kamatseka, madzi n'kumazungulira m'injini mokha. Akafika madigiri 80 ndi pang'ono, kamatsegula. Amakanika a pansi pa mtengo, aja otchipa amene sipanala zawo zimakwana m'jumbo, ali ndi chiphunzitso chimene chinakhazikika ngati lamulo: amati kachipangizoka n'ka mayiko a chisanu, kuno n'kosafunika. Galimoto ikangotenthako pang'ono, amakazula n'kukaponya kutchire, osafufuza ngati vuto lili pa fani, pa rediyeta yotsekeka kapena pa pampu ya madzi, imene pa Aqua ndi pa Prius ya kuyambira 2009 ndi yamagetsi, yopanda lamba. Mwini wake amapita akuthokoza. Pa lole yakale ya dizilo zotsatira zake zimabisala. Pa hybrid, madzi amazungulira mu rediyeta nthawi yonse, injini ikazima imazizira msanga, kompyuta n'kuidzutsanso, ndipo ubwino wonse umene munthu anagulira galimotoyo umathera pomwepo. Choipa china n'chakuti Aqua ndi Prius zilibe geji yoonetsa kutentha kwa madzi, zili ndi nyali yochenjeza basi, choncho mwini wake sadziwa kanthu mpaka Juni atamuulula.

Makanika wodziwa ntchito amalumikiza makina ake oyezera pansi pa chiwongolero, injini ili yozizira, n'kumayang'ana nambala ya kutentha akuyendetsa. Iyenera kukwera mosalekeza kufika m'ma 80. Ikamangozungulira m'ma 50 kapena 60, makamaka potsetsereka, thermostat mulibe kapena inaumira potsegula. Dzanja nalo limanena: paipi yopita ku rediyeta siyenera kufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi, iyenera kukhala yozizira kenako n'kutentha mwadzidzidzi.

Kuyeza kotsimikiza ndi kwakale, ndipo wolemba nkhaniyi anakuphunzira ali sipanala boyi kwa mkulu wina amene anakulira pa Bedford, Land Rover ndi Peugeot 504, masiku a kabuleta ndi choko. Mkuluyo sankakhulupirira chipangizo chilichonse, ngakhale chatsopano cha m'bokosi. Ankaika chitini cha madzi pa mbaula imene ankawotcherapo chimanga, kumangirira thermostat ku kawaya kuti isakhudze pansi pa chitini, n'kuviika choyezera kutentha chimene ankachisunga m'sokosi, m'thumba la ovolosi. Sipanala boyiyo ankagwada pamenepo kupemerera moto, maso ali pa valavu. Ikayamba kutseguka ankayenera kufuula nambala, ndipo akaphonya, madzi ankatayidwa n'kuyambanso ndi ozizira. Chaka choyamba chonse chinathera pa kutsuka mabawuti m'parafini ndi kuphika tiyi, malipiro ake nsima ya masana. Mkuluyo hybrid sanaione, ndipo mwina akanaitukwana poona galimoto yoyenda mwakachetechete ngati mfiti, koma chitini chake chimagwirabe ntchito lero: nambala yolembedwa pa thermostat ndi imene iyenera kutsegukira, ndipo madzi akazizira itseke yokha mpaka pasaoneke mpata. Zina zotchipa za pamsika zimalephera pa gawo lachiwirili.

Kubwezeretsa thermostat n'kumene kumafuna kuleza mtima. Ngati ili ndi kabowo kotulutsira mpweya, kayang'ane kumwamba. Madzi ake ndi coolant ya pinki ya Toyota kapena yofanana nayo, osati a pampopi kapena a pamjigo, amene amasiya dzimbiri ndi miyala m'njira. Kenako mpweya utulutsidwe, ndipo apa hybrid imavutitsa, chifukwa injini imazima yokha madzi asanazungulire mokwanira. Pamafunika kuiika mu maintenance mode kuti ilire mosalekeza, hita ili yotsegula, mpaka thovu litatha. Inverter, chipangizo chosintha magetsi a batire kuti ayendetse mota, ili ndi thanki yake ndi njira yake ya madzi. Osadziwa amathira kumeneko akuganiza kuti athira ku injini. Mawaya a mtundu wa lalanje sagwiridwa chimanjamanja, popeza batire ya Aqua ndi ya mavoti 144 ndipo ya Prius imapitirira 200.

Ntchito yonseyi imatenga theka la tsiku, ndipo mkangano umayambira pa mtengo. Kasitomala amene anapeza mamiliyoni ogulira galimoto ndi kulipira msonkho amaimitsa nkhope akamva mtengo wa thermostat yeniyeni, n'kunena kuti, “Amisiri, mnyamata wa kwathu uja anangochotsa, sanandilipiritse zonsezi.” Yemweyo amabwera ndi kagaloni ka oilo wa 20W-50 kogula m'mbali mwa msewu, pomwe injini ya Aqua inapangidwira oilo wopyapyala wa 0W-20. Oilo wokhuthala m'mawa wozizira amakhala ngati phala, ndipo injini imene imadzuka kambirimbiri pa ulendo umodzi imalimbana naye nthawi iliyonse. Ena amafika atauzidwa kale kuti batire yaikulu yafa, ali okonzeka kugulitsa ng'ombe, pamene vuto ndi kachipangizo ka phula kaja.

Batire yaikulu nayo kuzizira imakumva. Ikazizira, kompyuta imachepetsa magetsi olowa ndi otuluka, choncho mabuleki sabweza mphamvu yochuluka mphindi zoyambirira. Imafunda yokha ndi ntchito, ndiponso ndi mpweya wa m'galimoto umene fani yake imakoka pafupi ndi mpando wakumbuyo. Pobowola pamenepo pasatsekedwe ndi zikwama, ndipo fumbi lichotsedwe. Pamzere wodikira mafuta giya ikhale pa P, chifukwa pa N batire sichajidwa. Giya ya B ndi ya zitunda zazitali monga Chiweta kapena Khwekhwerere, pamalo athyathyathya imangotaya liwiro. Zotseka kumaso kwa rediyeta ndi makatoni, zimene eni Prius amachita ku Canada, kuno si zoyenera kutengera: m'mawa wa ku Dedza ungakhale wozizira, koma galimoto yomweyo ikatsikira ku Golomoti masana, injini ndi inverter zimafuna mphepo yonse.