Mlomo Wam'munsi

Malume anga adaimba klarineti m'gulu la oimba malipenga zaka zambiri, kufikira mano ao am'mwamba atagweruka. Tsono patchuthi chapitachi, ndikumanga katundu wobwerera kuno, adatulutsa kabokosi pansi pa bedi nandipatsa. "Mphwanga," adatero, "chitolirochi chikangogona chidzafa. Ine ndi usininiwu sindingachigwirenso."

Nditafika m'chipinda changa ndidachilumikiza nkuuzira ndi mphamvu zanga zonse. Chidalira ngati kamwana ka nkhumba kopanikizika pampanda. Mnzanga wogona naye adangotola mabuku ake, ulendo ku laibulale. Ine poyesa kuti chikufuna kuchigwira zolimba, ndidayamba kuchiluma. Patatha masabata aŵiri mlomo wanga wam'munsi udachita chilonda m'kati, koma nyimbo ayi ndithu. Ndidafuna kuchibweza, koma ndikanawauza chiyani malume?

Ndidakwera basi Loŵeruka lina kukawaona. Atamva kulira kwake adaseka mpaka misozi. "Iwe ukuluma ngati chimanga chootcha!" Kenaka adandikhazika pampando nandifotokozera.

Mau a klarineti amachokera pa kabango kopyapyala komangidwa kumutu kwa chitolirocho. Si bango lathu la mphasa, koma mtundu wina umene amalima kwambiri kummwera kwa France. Kabangoko kayenera kunjenjemera, ndipo ukakaluma umakatsamwitsa. Mlomo wam'munsi upindike pang'ono chabe pamwamba pa mano, ukhale ngati mtsamiro pogona kabango. Ukauloŵetsa wonse m'kamwa mau amazilala. Ukausiya wolobodoka amamwazika. Mano am'mwamba atsamire pamwamba pa mutuwo, pafupifupi sentimita imodzi kuchokera kunsonga. Mbali za kamwa zikumbatire ngati ukunena "u", chibwano chikhale chosalala choloza pansi, masaya asafufume.

Adachotsa thunthu lonse, nandisiyira mutu ndi kachidutswa kolumikiza. "Imba liu limodzi lokha. Likakhala F shapu, wakhoza." Ndidayesa kasanu, kakhumi. Dzuŵa likupendeka, liu lidatuluka, lonenepa, losagwedera. Sindidakhulupirire kuti lachokera mwa ine.

Anzanga ena amandiseka kuti ndikutaya nthaŵi ndi chitoliro cha azungu, chimene Johann Christoph Denner adapanga ku Nuremberg cha m'ma 1700. Kwao kwa chitolirocho sindikutsutsa. Koma ine chimene ndidaona tsiku lija nchakuti pamene ndinkaimba, malume adatsinzina, zala zao zikuyenda pandodo yao yoyendera ngati pali mabowo.

Masiku ano m'maŵa uliwonse ndimaima pagalasi mphindi 10, kuimba liu limodzi lalitali ndikuyang'ana chibwano. Ndikatopa mano amafunabe kuluma, ndipo pamenepo ndimaleka. Chilonda chidapola. Mnzanga uja sathaŵiranso ku laibulale, ngakhale kuti buku lake amaŵerenga atatseka khutu limodzi.