KUKAZINGA MPASA

Pa nsomba zonse za m'Nyanja ya Malaŵi, ine ndimakonda mpasa. Ku Norway ndi ku Scotland kuli nsomba yotchedwa salmon. Mpasa si mbale wake, koma zonse ziŵiri zimakwera mitsinje kukaikira mazira. Mpasa umakwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe. Masiku ano wachepa, chifukwa anthu amatchera maukonde pa mathiriro a mitsinje, ndipo matope ochokera m'minda amakwirira timiyala tomwe umaikirapo mazira. Motero ndikaupeza pa msika, sindifuna kuwononga ngakhale nthuli imodzi.

Ndikaŵeruka ku ntchito nditatopa, ndimaukazinga. Poyamba ndimapala mamba, kutumbula ndi kudula nthuli. Kenaka ndimazipukuta ndi kansalu koyera, pakuti nsomba yonyowa imathethetsa mafuta ndipo siipsa bwino. Ndimathira mchere ndi kuika chiwaya pa mbaula. Mafuta ndimathira pang'ono pokha, popeza mpasa ndi wonona kale.

Chiwaya chikatentha, ndimaika nthulizo khungu lili pansi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amayamba kutembenuzatembenuza, nsomba ija n'kunyenyeka. Ine ndimadikira mphindi 5 osaikhudza. Khungu likauma limakanganuka lokha, ndipo mbali inayo imangofuna mphindi 3.

Ana anga amakanganirana khungu lokhuthumukalo, koma wamng'ono ndimayamba ndamuchotsera minga. Timafinyirapo ndimu, n'kudyera nsima yotentha ndi mpiru wotendera.