Singano m'manja, mwana kumsana

Pali ntchito zina zimene ukazitchula pagulu anthu amayamba aseka kaye, kenaka ndi pamene amafunsa mtengo. Kusoka zidole ndi imodzi mwa ntchito zoterezi. Ine ndimasoka zidole za nsalu ndi manja kwathu kuno kufupi ndi malire a Cassacatiza, m'boma la Chifunde, ndipo ndimatero ndikulera mwana wamkazi amene sanakwanitse zaka zitatu. Amayi anzanga akhala akundifunsa kuchitsime ndi kusikelo kuti kodi zimenezi n'kudyetsa munthu? Tsono ndati ndiyankhire pano kamodzi, poti nyuzi imafika kumene mapazi anga safika.

Chidole si chinthu chachilendo kwathu kuno. Tonsefe tiri ana tinaberekapo chitsononkho, ndevu za chimanga n'kukhala tsitsi lake. Ena ankaumba ana a dongo kudambo, n'kumawaphikira nsima ya mchenga kumasanje. Cha nsalu chokha ndicho ndinachionera kwa amayi anga. Iwo anaphunzira kugwira singano ku Ukwimi, m'boma la Petauke ku Zambia, kumene anathawira nkhondo pamodzi ndi anthu ambiri a kuno. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anayamba adikira kuti aone ngati mfuti zakhaladi chete, ndipo anabwerera kumudzi mu 1994, chaka cha masankho oyamba a zipani zambiri. Pa katundu wochepa amene anabwera naye panali kachitini ka singano ndi ulusi. Amati kumsasa kuja chigamba sichinkatayidwa: chachikulu chinkapita pathako la kabudula, chaching'ono chinkasanduka mwana wa mwana. Chidole changa choyamba anandisokera ndi mkono wa malaya akutha a bambo anga.

Mpamba wa ntchitoyi ndi zinthu zimene ena ataya. Zigamba za chitenje ndimatola kwa atelala a pamsika. Ena amandipatsa ulere, ena ataona kuti ndikupindula nazo anayamba kugulitsa pathumba, ndipo sindiwada, nawonso ali ndi ana. Nthawi yabwino yotolera ndi masiku otsatira 7 Epulo, Tsiku la Amayi a mu Mozambique, lomwe timakumbukira Josina Machel amene anamwalira tsiku ngati limeneli mu 1971. Amayi amakhala atasoketsa makapulana atsopano ofanana, choncho pansi pa makina a telala pamakhala zigamba zonyezimira, zosalowapo m'madzi. Thupi la chidole ndimadula m'masikipa akuda kapena ofiirira a pa kalamidade, amene anzathu a ku Zambia amati salaula, a ku Malawi kaunjika. Ndimasankha amene ogula awakana kaamba ka kabowo, poti ogulitsa amangoti tengani ndi ndalama iriyonse.

M'kati ndimaika thonje. Limeneli ndiye limadya nthawi. Njere zake uyenera kuzichotsa imodziimodzi, chifukwa ukasiyamo ngakhale zitatu makoswe adzaboola mimba ya chidole usiku umodzi. Ukatero ulichape ndi sopo ndi kuliyanika padzuwa masiku awiri, pakuti thonje kumunda limapoperedwa mankhwala kambirimbiri, ndipo chidolecho chikukathera m'kamwa mwa mwana wa munthu. Thonje likasowa ndimanyenyanyenya tizigamba ndi sizasi, koma chidole chotere chimalemera ndipo chikanyowa chimachedwa kuuma.

Nkhani ya m'kamwayi anandiphunzitsa ndi mwana wanga yemweyu. Iye ndiye woyesa katundu wanga. Ndikapeka mtundu watsopano, choyamba chimakhala chake kwa mlungu wathunthu. Amachiluma, amachikoka mwendo, amachiguza pafumbi, amachisambitsa m'madzi otsukira mbale. Pamene pang'ambika ndi pomwe ndimadziwa kuti pafunika msoko wachiwiri, ndipo nthawi zonse pamakhala pakhosi ndi m'khwapa. Mabatani ndi mikanda sindiika ayi, ngakhale ogula ena amati maso a batani ndiwo okongola. Batani lolowa m'kamwa mwa mwana wa chaka chimodzi lingamutsamwe, ndipo amayi mukudziwa kutalika kwa chipatala kwathu kuno. Maso, mphuno ndi pakamwa ndimasoka ndi ulusi basi. Tsitsi ndi ulusi wakuda womasula ku juzi yakale, ndipo ndimaliluka monga momwe timalukira ana athu.

Ofunsa aja akaona chidole amati chimenechi n'chamadzulo amodzi. Kunena zoona, munthu wopanda chomusokoneza akhoza kumaliza tsiku limodzi. Ine chimanditengera masiku atatu, mwina anayi. Nthawi yanga yosoka amagawa ndi mwana. Akagona masana ndimasiya mbale zosatsuka n'kuthamangira singano, chifukwa mbale ungatsuke mwana ali maso koma singano ayi. Usiku ndimasoka ndi kanyale ka sola mpaka kathime. Pamene ali maso ndimagwira zokhazo zopanda choopsa, monga kuchotsa njere ndi kupakira thonje, ndipo iye amathandiza m'njira yake, ine ndikulowetsa mbali ino iye akutulutsa mbali inayo. Akavuta kwambiri ndimamubereka n'kumasoka chiriri, ndikumugwedeza. Msoko wosoka choimirira umaoneka, umakhota ngati njira ya kuchitsime.

Singano ndiri nazo zitatu, zimakhala m'kabotolo kotseka pamwamba pa khoma. Ndimatulutsa imodzi yokha, ndipo ndisanadzuke pamphasa ndimawerenga. Kubaya singano pachitenje cha pachifuwa, monga amachitira amayi athu, ine ndinakana kuyambira pachiyambi, chifukwa pachifuwa pomwepo ndi pamene mwana amagwera akamathamanga.

Dzinja likafika zidole zimaima. Khasu silidikira munthu, ndiye pali kupalira, kubandira, kenaka fodya. Miyezi imeneyo ndimasokabe, koma ndimasoka fodya m'chigafa, ndipo zala zimakhala zakuda ndi utomoni moti nsalu yoyera sungaikhudze. Komanso kunena mosabisa, mu Januwale ndi Febuluwale palibe angagule chidole nkhokwe iri mbee. Malonda anga amatsata ndalama za fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco ikayamba kugula, abambo amene dzana ankandiseka ndi omwe amaima n'kufunsa kuti chachikulucho ndi zingati.

Masiku ogulitsa kwenikweni ndi owerengeka pa chaka. Loyamba ndi 1 Juni, Tsiku la Ana, pamene ngakhale kholo louma manja limachita manyazi kubwera kunyumba chimanjamanja. Lina ndi 25 Disembala. Koma lalikulu ndi la Kulamba, Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amasonkhana ku Mkaika, m'boma la Katete, kwa Kalonga Gawa Undi. Kuchoka pa Chanida, tsidya la malire athu, kukafika pa Katete ndi makilomita opitirira 50. Ndinapitako chaka chatha mwana ali kumsana, dengu pamutu, ndipo pofika masana dengu linali lopepuka. Ogula ambiri anali a m'tauni, a ku Chipata, Lilongwe ndi Lusaka, ndipo ena ankagulira ana, ena ankati akaika pakabati. Masiku wamba amene amandithandiza ndi madalaivala a magalimoto akuluakulu ochokera kudoko la Beira, amene amagona pamalire kudikira mapepala. Munthu amene watha milungu iwiri osaona mwana wake sanenerera kwambiri.

Pamalire timagulitsa ndi ndalama ziwiri, ndipo apa pamafunika mutu. Chaching'ono ndimati 50 meticais, chachikulu 150. Wina akatulutsa makwacha ndimayamba ndafunsa anyamata osintha ndalama kuti lero ziri bwanji, chifukwa za dzulo si za lero. Kusokonezeka kwina n'kwa mawu. Metikali inachotsedwa maziro atatu mu 2006, kwacha ya ku Zambia mu 2013, koma mpaka lero agogo a kuno amawerenga makonto, a tsidya lija amawerenga mapini. Agogo ena nditawauza kuti makonto 50 anagwira pakamwa, ati mwanawe, kale ndalama imeneyo inkagula mbuzi.

Opikisana nane ndi zidole za pulasitiki zochokera m'masitolo a ku Tete ndi ku Chipata. Sindizinyoza. N'zotsika mtengo, ziri ndi tsitsi lachikasu ndi maso obiriwira, zina ukazitsina zimalira, ndipo mwana wanga yemwe akaziona amaiwala amake. Koma mkono wake ukazuka wazuka, palibe singano ingaubwezere. Ndiponso ana athu chidole sachiika patebulo kuti azichiyang'ana, amachibereka. Pulasitiki kumsana imabaya ndiponso imaterereka. Cha nsalu chimakhala phee pamsana, chikada uchapa, chikang'ambika mayi aliyense akhoza kusoka. Nditaona zimenezi ndinayamba kugulitsa chidole chirichonse ndi kambereko kake, kachigamba kopinda m'mbali kotalika ngati mkono wanga. Kamtsikana kakangomangidwa kambereko kaja n'kuyenda mapazi awiri, kholo limangopisa m'thumba. Pa zonse zimene ndayesa, kachigamba kameneka ndiko kagulitsa zidole zanga.

Sikuti onse amakondwa nayo ntchitoyi. Alipo akuluakulu ena pamudzi amene amati chinthu chokhala ndi nkhope ya munthu sichisokedwa usiku, ndipo mayi wina analetsa mwana wake kusewera pakhomo panga. Ndinamuitana tsiku lina kuti adzaone ndikupakira thonje kuyambira kumwendo mpaka kumutu, anaona, koma mtima wake sunatsike. Mantha akewo sindiwaseka, chifukwa tsiku lina anabweradi munthu wachilendo kudzapempha kuti ndimusokere chidole ndisiye pamimba posatseka, ati akamaliza yekha. Anatchula ndalama yoposa mtengo wa zidole zinayi. Ndinamuuza kuti zanga zimachoka pano zotseka, ndipo anapita osatsanzika.

Chimene chimandivuta koposa zonsezi ndi cha m'nyumba momwe. Mwana wa zaka ziwiri sadziwa malonda. Iye amaona amake akusoka ana, kenaka alendo akuwatenga. Atayamba kuzindikira, tsiku lirilonse la msika linali maliro. Ankagwira dengu n'kumati, "Amama, wanga, wanga!" ndipo ogula ena ankachita chisoni n'kubweza chidole. Ndinamusokera chake chachikulu kuposa zonse, cha chitenje chofanana ndi changa, koma sizinathandize msanga, chifukwa mwana amafuna chimene chikuchoka. Tsopano tinapangana kuti iye ndiye azipereka chidole m'manja mwa wogula ndi kuchitsanzika. Masiku ena amapereka ndi manja awiri, mwaulemu, mpaka anthu kuseka. Masiku ena amathawa nacho kuseri kwa mtengo, ndipo ine ndimayamba ndakambirana naye wogula akudikira.

Tsono funso lija lakuti n'kudyetsa munthu. Nsima yathu imachokera kumunda, zidole sizingalowe m'malo mwa khasu. Koma ndalama ya fodya imabwera kamodzi pa chaka ndipo imafikira m'manja mwa abambo, pamene ya zidole imabwera pang'onopang'ono ndipo imafikira pamfundo ya chitenje changa. Ndi imene imagula sopo, mchere ndi kulipira kuchigayo. M'dzinja lapitali mwana anatentha thupi pakati pa usiku, bambo ake ali kokumba golide, ndipo wa njinga yamoto anati sadzutsa njinga popanda ya mafuta. Ndinamasula mfundo ija, tinafika kuchipatala kusanache, anamupeza ndi malungo ndipo analandira mankhwala tsiku lomwelo. Zinali ndalama za zidole zisanu za pa Disembala.

Mkulu wanga amene ali ku Tete wakhala akundiimbira foni kuti ndisiye mwana kwa amayi, ndipite kumeneko, tisonkherane tigule makina, tizigulitsa kwa alendo a m'mahotela. Akunena zoona kuti kumeneko mtengo ungakwere kawiri. Koma Tete ali pa mtunda wa makilomita oposa 250, si kopita m'mawa n'kubwera madzulo, ndipo amayi maso ayamba kuchita nkhungu, sangathamangitsane ndi mwana amene waphunzira kutsegula chitseko. Za makinazo ndaziganiziranso. Makina amafulumiza thupi lokha, koma thonje, nkhope ndi tsitsi, zomwe zimadya masiku, zimafunabe zala. Komanso gudumu lija ndi lamba wake ziri pa msinkhu weniweni wa tizala ta mwana wanga. Ndamuuza mkulu wanga kuti tidzakambirane mwanayu akadzayamba sukulu, ndipo pakadali pano ndizimutumizira zidole khumi pa shapa, iye azinditumizira ndalama pa e-Mola. Wavomera monyinyirika, ati ndikuchedwa.

M'thumba muno muli matupi 14 opakira kale koma opanda nkhope, ndipo ulusi wakuda wandithera. Amene muli ndi juzi yakuda yakutha musakolezere moto, bwerani nayo tsiku la msika tidzasinthane ndi chidole chaching'ono.