Nkhawa ya agogo inali ndi mwezi wake

Agogo anga aakazi ankayeza nkhawa ndi mkono wa mwana. Mvula ikangoyamba, Loweruka lililonse ankaimika makwerero pankhokwe n'kundikweza ine, poti ndinali wopepuka kuposa anzanga onse pakhomopo. "Pisa mkono, iwe. Chimanga wachikhudza?" Ndikati ndachikhudza osawerama, ankangoti "Mulungu ngwabwino" n'kubwerera kumtondo. Koma tsiku limene ndinkati mpaka ndilowemo, nsima ya masana inkasanduka phala, ndipo palibe amene ankafunsa chifukwa.

Uko n'kwathu ku Lunzu, m'zaka za m'ma 1980. Agogowo anaiona njala ya 1949 ali kamtsikana. Sankakonda kuikamba, koma inkaonekera m'zochita zawo. Kudenga la khitchini kunkalendewera zikwatu za mfutso wa nkhwani ndi chitambe. Chimanga cha mbewu ankachimangirira pamwamba pa moto kuti utsi uzithamangitsa anankafumbwe. Makaka ankaumika padenga chilimwe chonse, ife tikunyinyirika kuti chinangwa chabwinobwino akuchiwononga. Lachinayi ankavala bulauzi yoyera n'kupita ku Mvano, ndipo pa nthawi ya masika dengu loyamba linkapita kutchalitchi. Sindinawamvepo akusiyanitsa kupemphera ndi kufutsa ndiwo. Kwa iwo zonsezi zinali ntchito za tsiku, monga kusesa pabwalo.

Ndazindikira nditakula kuti nkhawa yawo inali ndi mwezi wake. Inkayamba mu Disembala, n'kufika pachimake mu Febuluwale, ndipo maungu ndi mondokwa zikangoyamba kupsa, inkachoka yokha. Munthu ankatha kuiona ndi maso, ankadziwa pamene yafika, ankadziwanso tsiku loti ithe.

Nkhokwe zija zinayamba kusowa njala ya 2002 itadutsa. Chaka chimenecho anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo kuba kunafika poti munthu ankagona kumunda kulondera chimanga chosakhwima. Kuyambira pamenepo ambiri anayamba kutonola, kuthira mankhwala, n'kusunga matumba kuchipinda chogona. Lero mukayenda m'midzi yambiri mupeza mabwalo ali mbee. Chakudya chinabisala, ndipo mnansi wako sadziwanso ngati uli ndi kanthu kapena ayi. Kale azakhali ankangoyang'ana nkhokwe yanu podutsa n'kutumiza mwana ndi lichero la ufa, osadikira kuti muchite kupempha.

Ine ndinasamukira m'tauni, ku Blantyre, ndipo nkhawa yanga ilibe mwezi. Imabwera pafoni. Usiku pakati uthenga walowa pa WhatsApp: mafuta akwera mawa, m'bale wagonekedwa kuchipatala, kusukulu akuti mwana asabwere popanda fizi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, anthu mazanamazana n'kutaya miyoyo m'chigawo cha kummwera. Chaka chomwecho mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama zimene ndinkaponya ku banki m'khonde kuti ndigule feteleza wa kumudzi zinalipo ndithu, osachotsapo tambala, koma thumba limene zinkayenera kugula linali litathawa. Agogo sanaonepo chimanga chikuchepa m'nkhokwe popanda wochitapa.

Miyezi imeneyo tulo tinandithawa. Kuchipatala anati BP yakwera, namwino n'kundifunsa mwaulemu, "Bambo, mukuganiza chiyani kwambiri?" Ndinaseka, chifukwa yankho lake likanatenga tsiku lonse.

Ndinayamba ndathamangira ku mapemphero a usiku wonse. Sindikuwanyoza, kuimba pamodzi ndi anthu amene nawonso zawathina kumapepuza mtima. Koma ndinkabwerako m'mawa ndili wolefuka, ngalande ya kuseri kwa nyumba ikadali yodzaza ndi mapepala a pulasitiki, mitambo ikuda. Mlaliki wina anatiuza kuti wosunga chakudya cha mawa alibe chikhulupiriro, ndipo pomaliza anatigulitsa timabotolo ta madzi. Ndili m'minibasi ndinakumbukira kuti m'Baibulo lomwelo muli Yosefe, amene anasonkhanitsa tirigu zaka 7 ku Iguputo, ndipo palibe pamene anadzudzulidwa. Kenako ndinagwera mbali inayo. Ndinadzaza nyumba ndi makandulo, shuga, mabatire, ndipo usiku ndinkawerengetsera ndalama papepala mpaka atambala kulira. Tulo sitinabwerebe. Wowerengetsera amangopeza china chimene waiwala.

Chinandithandiza n'chinthu chaching'ono, mwina choseketsa. Ndinabwezeretsa Loweruka la agogo. M'mawa wa tsikulo ine ndi mayi a kunyumba timakhala pansi ndi kope la ana asukulu. Timalemba zimene zikutidya mumtima, ndipo chilichonse timachifunsa ngati chili ndi ntchito yoti manja agwire. Ngalande ili nayo: khasu ndi wilibala. Chimanga chili nayo: kugula mu Meyi kapena Juni chikadali chotsika mtengo, n'kuchisunga m'matumba a PICS aja osafuna mankhwala. Fizi timailipira pang'onopang'ono teremu isanayambe, ndalama isanasungunuke m'manja. Zikalata za nyumba ndi mabuku a kuchipatala zili m'jumbo, pamwamba pa kabati, poti chakudza sichiimba ng'oma. Zotsalazo, monga mtengo wa dola, njira ya namondwe, matenda a amalume amene madokotala achita kale mbali yawo, timazitchula m'pemphero limodzi lalifupi, n'kutseka kope. Zikandidzutsa Lachiwiri usiku ndimaziuza kuti tsiku lake ndi Loweruka. Nthawi zina zimamva, nthawi zina ayi. Foni yokha ndiyo imagona pabalaza masiku ano.

Mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ndiye amawerenga matumba kuchipinda. Sabata yatha anatuluka akuthamanga. "Adadi, atsala anayi ndi theka!" Tinali mu Januwale. Mayi ake anayang'ana kudenga akuwerenga ndi zala mpaka Epulo, kenako anati nsima ya masana ikhalepobe, koma mgaiwa, ufa woyera tiuonanso pokolola.