Kalata kwa mwana wanga amene wayamba kulandira malipiro

Wokondedwa mwana wanga,

Popeza tsopano mwezi ukatha ukumalandira, ndati ndikuchenjeze za msampha umene umakola ngakhale ophunzira.

Tonsefe timazipatsa ndalama mayina m'mutu: iyi ya lendi, iyi ya ufa, iyi yotola. Taona munthu amene walandira alawansi kumsonkhano. Madzulo omwewo ali pa kanyenya, akuitanitsira anzake zakumwa osafunsa mtengo. M'mawa mwake, atatenga ya malipiro, akunenerera mulu wa tomato mpaka wogulitsa kuchita tsinya. Chonsecho K10,000 ya alawansi ndi K10,000 ya malipiro zimagula shuga wofanana.

Richard Thaler adalemba za khalidweli mu 1985, ndipo mu 2017, ali ku University of Chicago, adalandira mphoto ya Nobel pa zachuma. Anzake awiri, Amos Tversky ndi Daniel Kahneman, mu 1981 adafunsa anthu za tikiti ya sewero ya $10. Atauzidwa kuti ataya $10 asanagule tikitiyo, anthu 88 pa 100 alionse adati agulabe. Gulu lina litauzidwa kuti lataya tikiti yogulagula, 46 okha ndi amene adati agulanso ina. Kutayako n'kofanana, koma gulu lachiwirilo lidaona ngati sewerolo lakwera mtengo kufika $20.

Sikuti mayinawa ndi oipa. Azakhali ako amasunga ya feteleza payokha, ndipo ngakhale wa kaunjika atadutsa ndi zokongola bwanji, saikhudza. Chipereganyu ndi banki mkhonde zimayenda chifukwa anthu amalemekeza dzina la ndalamayo. Vuto limabwera dzina likayamba kukulamulira. Wina amasunga "ya Khirisimasi" mu Mpamba osaigwira, kwinaku akutenga katapila kuti alipire lendi. Chiwongoladzanja chimadya zonse zimene akuganiza kuti akusunga.

Choncho ndalama iliyonse yobwera mwadzidzidzi, kaya bonasi, kaya ngongole imene wina wakubwezera utaiwala kale, uziyamba waiphatikiza ndi malipiro, igone kaye. Usanagule chinthu, uzidzifunsa kuti, "Ikanakhala ya thukuta langa, ndikanagula?" Ukaona kuti ayi, bweza ndalamayo m'thumba. Ndipo ngati uli ndi ngongole ya chiwongoladzanja, yamba wabweza imeneyo usanatchule ndalama ina kuti yosunga.

Upereke moni kwa amalume ako.

Ndine mayi ako.